ZA M'MIZINDA: Nyumba ya ku Kamwala Aionera M'dzinja

Caka ciri conse, mbeu zikagulitsidwa ndipo ndalama za nshawa, cimanga, soya ndi thonje zikalowa m'nyumba, m'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa mumabuka nkhani ya Lusaka. Pena ndi mwana amene wapeza nchito ku likulu ndipo asowa pogona. Pena ndi mphunzitsi wopuma nchito amene afuna kusandutsa ndalama zace za penshoni kukhala nyumba ya lendi yoti imdyetse mu ukalamba. Kucokera m'caka ca 2023, pamene lamulo linalola anchito kutapako 20 peresenti ya ndalama zao za ku NAPSA asanapume, anthu a maganizo otere aculuka. Ndalamazo zikaperewera, khola ndilo limatsegulidwa: ng'ombe ziwiri kapena zitatu zimapita kwa ogula kuti mwana apeze denga mu mzinda. Ng'ombe yogulitsidwa sibwerera m'khola, motero nkoyenera kuti banja lidziwe cimene likugula.

Basi yocokera ku Lundazi, Chipata, Katete kapena Petauke imalowa mu Lusaka podzera ku Chelstone, pamene pali thanki yaitali ya madzi imene aliyense woyenda mseu wa Great East aidziwa, ndipo imakatsitsa anthu pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi. Munthu akatsika pamenepo nayenda pang'ono cakum'mwera, kudumpha mseu wa Independence Avenue, wafika ku Kamwala. Ambiri a kumudzi adziwa Kamwala ngati malo a masitolo cabe, kogula zitenje, mabulangete, mapoto ndi katundu wokagulitsa m'magolosale a kwao. Ocepa ndiwo adziwa kuti kuseri kwa masitolowo kuli nyumba zogonamo, m'dera limene liri limodzi mwa madera akale koposa mu mzinda wonse, ndi kuti munthu wa ndalama zocepa ayenera kuyamba wayang'ana kumeneko asanathamangire ku maploti a kutali. Koma Kamwala ali ndi nthawi yace yomuonera, ndipo nthawiyo si Ogasiti kapena Seputembala pamene ndalama za mbeu ziri m'thumba.

Kuti munthu amvetse mitengo ya nyumba mu Lusaka ayenera kudziwa m'mene mzindawu unayalidwira. Njanji inafika pamalopa m'caka ca 1905, ndipo kasiteshoni kanachedwa dzina la mfumu ya mudzi wa pafupi, a Lusaaka. M'caka ca 1931 Boma la atsamunda linaitana Profesa Stanley Adshead wa ku London kuti ajambule mzinda watsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka kucoka ku Livingstone. Ojambulawo anasankha mtunda wa kum'mawa kwa njanji, kumene madzi a mvula sakhalitsa, naupatulira maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu. Kumeneko ndiko kunadzakula Ridgeway, Woodlands ndi Kabulonga, kumene mpaka lero anthu akuchula kuti kumayadi. Amwenye anapatsidwa malo a malonda ochedwa Second Class, ndiwo masitolo a Kamwala a lero. Anthu akuda sanawerengedwe ngati eni mzinda koma ngati alendo obwera kudzagwira nchito ndi kubwerera kwao, motero anawamangira tinyumba ku Kamwala ndi ku Kabwata, m'munsi mwa mtunda uja. Tinyumba 43 tozungulira, tofolera ndi udzu, timene tinasungidwa mu 1974 pa Kabwata Cultural Village, ndito mboni ya m'mene wanchito anali kugonera masiku amenewo.

Mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963 unafika pa 262,000 mu 1969, pa 536,000 mu 1980, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Nyumba zomangidwa mwa dongosolo sizinathamange liwiro limenelo. Cifukwa cace anthu pafupifupi 7 mwa 10 ali onse akhala m'makomboni amene anayamba popanda mapulani, monga Kanyama, Chawama, George ndi Misisi. Apa ndi pamene pagona mtengo weniweni wa malo akale onga Kamwala, Kabwata, Libala ndi Chilenje. Nyumba zace nzazing'ono ndi zokalamba, koma zinamangidwa pa miseu yoyezedwa, ndi mapaipi pansi pace, ndi manambala olembedwa m'mabuku a Khonsolo. Utoto munthu augula m'sitolo tsiku limodzi, koma paipi yotenga zonyansa za dera lonse sangaigule yekha.

Za Kabulonga ndi Woodlands sizifuna mau ambiri. Ndi malo abwino, a mitengo ikuluikulu ndi mayadi otakasuka, pafupi ndi State House, ndipo sukulu za Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls, zimene kale zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie za ana a Azungu, zikali zochuka. Koma ploti imodzi ya kumeneko ingameze makola a mudzi wathunthu. Cimene mwana wa kumudzi angapezeko ndi kanyumba ka kuseri kamene kale kanali ka wanchito wa m'nyumba, ndipo angakhale bwino ndithu ngati nchito yace iri komweko. Makolo angocenjera ndi dzina. Ogulitsa maploti anaphunzira kalekale kuti dzina limakweza mtengo, kotero malo a kutali amawacha dzina la dera lochuka naonjezerapo liu lakuti Extension kapena South.

Cenjezo lomweli likhudza Kamwala, pakuti dzina limodzili liri ndi malo atatu osiyana. Pali Kamwala wa masitolo, wa msika wa Luburma, kacisi wa Ahindu ndi mzikiti. Pali Kamwala wakale wa nyumba zimene zinali za Khonsolo ndi za Boma, kumene kuli kiliniki, ndende ya oyembekezera milandu, ndi sukulu ya sekondale ya Kamwala imene kale inali Prince Philip. Ndipo pali Kamwala South, dera lalikulu limene lakula m'zaka za posacedwapa, kumene aliyense anamanga yekha pa ploti yace, nthawi zambiri miseu ndi ngalande zisanafike. Wogulitsa akati nyumba iri ku Kamwala, funso loyamba nlakuti Kamwala uti.

Kamwala wakale anasintha kwambiri m'caka ca 1996, pamene Boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja ambiri amene anagwira nchito zaka zambiri mu mzinda anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba, ndipo cimeneco cinali cabwino. Koma Khonsolo inataya lendi imene inali kulandira, ndipo eni atsopanowo, pofuna ndalama, anayamba kumanga midadada ya zipinda kuseri ndi m'mbali mwa nyumba zao. Midadadayo ndiyo lero ipatsa pogona pochipa pakati pa mzinda. Komanso ndiyo yalemetsa mapaipi, pakuti paipi imene inaikidwira banja limodzi lero itumikira mabanja 5 kapena 6, ndipo bwalo limene linali kumwa madzi a mvula laphimbidwa ndi simenti. Wofuna cipinda ayambe wawerenga zitseko za pa yadi, kenaka awerenge zimbudzi ndi mipopi, ndipo adzadziwa kutalika kwa mzere umene adzaimapo m'mawa uli wonse.

Ubwino waukulu wa Kamwala ndi wa miyendo. Wokhala kumeneko afika wapansi ku Cairo Road, ku Intercity, ku siteshoni ya njanji ndi ku maofesi a pa Government Complex, ndipo cipatala cacikulu ca UTH siciri kutali. Anthu a kumudzi poyerekeza nyumba ziwiri amayang'ana lendi yokha, naiwala kuti mu mzinda kuyenda nkogula. Mwacitsanzo, ngati minibasi itenga K15 pa ulendo umodzi, wanchito wopita ndi kubwera masiku 26 pa mwezi alipira K780. Ngati mkazi wace nayenso apita kukagulitsa ku msika wa m'tauni, banjalo lataya K1,560 lisanagule ndiwo kapena makala. Cipinda ca ku Kamwala cimene cioneka codula ndi K500 kuposa ca kutali cingakhale ndico cochipa. Palinso cina cosalembedwa pa risiti: maola amene munthu athera m'basi m'mawa ndi madzulo pa mseu wodzaza, ndi ana amene aona atate ao pa Sondo pokha.

Izi sizitanthauza kuti ku Chelstone nkoipa. Kuli makilomita oposa 10 kucokera pakati pa mzinda, koma mayadi ambiri ngaakulu, munthu angalime repu ndi kuweta nkhuku, ndipo wa Kum'mawa ali ndi mwai wina, wakuti thumba la cimanga locokera kumudzi limatsikira pafupi ndi khomo basi isanalowe m'tauni. Mzinda nao ukukulira mbali yomweyo. Cipatala ca Levy Mwanawasa cinatsegulidwa mu 2011, milatho ya pamwamba ya pa Arcades ndi pa Munali inamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021, ndipo nyumba yatsopano yofikirapo apaulendo pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda inatsegulidwa mu 2021. Wogwira nchito ku yunivesite, ku Chainama kapena ku bwalo la ndege alibe cifukwa cothinikizana ku Kamwala. Koma wa ku Cairo Road, ku msika wa Soweto kapena ku mafakitale a kumadzulo kwa njanji adzatopa nayo Great East.

Ku Kabwata kuli mafulati amene anamangidwa tinyumba tambiri ta udzu tija titagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970. Kwa mnyamata kapena mtsikana woyamba kumene nchito, fulati nyabwino. Wofuna kugula akumbukire kuti denga, makwerero ndi mapaipi nza onse, ndipo kukonza kwace kumadikira kuti onse agwirizane. Akwere ku nyumba ya pamwamba nthawi ya madzulo, akatsegule mpopi, aone ngati madzi afika.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya madzi, ndipo dzina lakuti Kamwala limanena zoona. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo, yakhala pa thanthwe la mwala wa laimu, womwe uja amai aphwanya ndi nyundo m'mbali mwa miseu kuti agulitse kwa omanga. Dothi pamwamba pace nlocepa, dziko nlathyathyathya, ndipo palibe mtsinje waukulu wotenga madzi. Mwalawo uli ndi ming'alu ndi mapanga pansi. M'cilimwe madzi amatsikira m'menemo, pamwamba nkuuma gwa, fumbi lokhalokha. Mvula ikagwa mu Disembala ndi Januwale mapangawo amadzala, ndipo pofika Febuluwale madzi a pansi amakwera mpaka kutumphukira pabwalo, pena m'kati mwa nyumba momwe, ngakhale tsiku limene kumwamba kuli ngwee. Mlimi aliyense adziwa kusiyana kwa munda wa kumtunda ndi dambo, ndipo sangapusitsidwe kulandira dambo mu Okutobala poganiza kuti ndi mtunda. Koma mlimi yemweyo akafika mu mzinda nzeruyi amaisiya m'basi, cifukwa dambo la mu mzinda labisala pansi pa simenti ndi mpanda wa mabuloko. Akale anati madzi saiwala khwawa.

Lusaka walangidwa kangapo pa nkhaniyi. Mu 1978 madzi anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama. Mu 2010 mabanja a ku Misisi ndi makomboni oyandikana nao anasamutsidwira m'matenti pa Independence Stadium. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la madola pafupifupi 355 miliyoni locokera ku America, Boma linakonza mapaipi a madzi ndi a zonyansa m'madera ena, ndiponso linakuza ndi kuwaka ndi konkire ngalande yaikulu ya Bombay, imene itenga madzi a ku Kamwala ndi madera oyandikana nao kupita nao kumpoto kwa mzinda, ku mtsinje wa Ngwerere. Ngalandeyo yathandiza ndithu. Koma ngalande yaikulu ithandiza nyumba yokhayo imene tingalande ta mu mseu wace tifika kumeneko, ndipo tambiri tatsekeka ndi mapulasitiki, pena tamangidwapo kasitolo. Ncifukwa cace ku Kamwala komweko mseu umodzi ukhala wouma pamene wina wa kutsogolo pang'ono wasanduka dziwe. Mbali zina za Kamwala South zimasefukira kawirikawiri, zina ai. Dera lotere saliweruza ndi liu limodzi. Aliweruza mseu ndi mseu.

Amene sangathe kudikira dzinja ali nazo mboni zina zimene sizinama. Madzi amasiya mzere pa cipupa, ndipo mwininyumba akapaka utoto watsopano m'munsi mokha, kulekeza m'maondo, pali cimene akubisa. Khomo limene lamangidwira kampanda ka mabuloko awiri kuti munthu adzilowa modumpha, matumba a mcenga osiyidwa pakona, miyala yondandalikidwa kucokera pa geti kufika pa khonde, citseko cofufuma m'munsi, zonsezi zimalankhula. Ayang'anenso zipupa za anansi, pakuti iwo alibe cifukwa cobisira kanthu. Ndipo wofunsidwa asakhale ejenti, amene amadya pokhapokha nyumba ikapita. Afunsidwe amai ogulitsa tomato pakona, kapena ana a sukulu, amene adziwa bwino mwezi umene amavula nsapato popita kukaphunzira.

Madzi osefukira sangoononga katundu. M'madera opanda mapaipi a zonyansa, cimbudzi cokumba ndi citsime zimakhala pa ming'alu ya mwala umodzimodzi, ndipo madzi akakwera ziwirizi zimasakanikirana. Umu ndi m'mene kolera imayendera. Mliri wa mu Okutobala 2017 unayambira ku Kanyama ndi ku komboni ya Chipata, ya mu Lusaka, osati mzinda wa Chipata wa Kum'mawa. Wa 2023 mpaka 2024 unali woopsa koposa: bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala, sukulu zinacedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024, ndipo anthu oposa 700 anafa m'dziko lonse. Motero funso lakuti cimbudzi ca nyumbayi citaya kuti nlofunika kuposa lakuti pansi pali matailosi kodi. Ku Kamwala wakale ndi ku Kabwata nyumba zambiri nzolumikizidwa ku paipi ya mzinda, ngakhale yakalamba ndipo imatsekeka. Ku maploti atsopano ambiri adalira dzenje la septiki ndi citsime cobowola pa yadi imodzimodzi. Ndipo cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola oposa 17 pa tsiku, cinaonetsa kuti citsime ca pampu ya magetsi cimaleka pamodzi ndi nyale.

Nyumba ikapambana mayeso a madzi patsala pepala, ndipo apa ndi pamene ng'ombe zambiri za kumudzi zataikira. Kumudzi malo apereka ndi mfumu, mudzi wonse uli mboni. Mu mzinda mboni ndi buku. Kucokera pa lamulo la 1975, ndi lina la 1995 limene linalowa m'malo mwace, nthaka iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo taitolo ndi cilolezo ca zaka 99. M'makomboni amene anavomerezedwa kutsatira lamulo la 1974 anthu apatsidwa pepala lina, lochedwa Occupancy Licence, la zaka 30, limene lipatsa munthu ufulu wokhala pamalopo koma osati umwini wa nthaka. Mapepala awiriwa sali ofanana, ndipo mitengo yace siyenera kufanana. Kalata yolembedwa ndi anyamata ogawa maploti m'dzina la cipani si pepala konse. Ku Kasompe, ku Chingola, nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndege zinagwetsedwa mu Ogasiti 2022, ndipo simenti ndi malata za eni ace zinapita ndi fumbi.

Asanapereke ngwee ndi imodzi yomwe, wogula apite yekha ku Unduna wa za Malo pa Mulungushi House, ndiponso ku Civic Centre kumene kunalembedwa nyumba zambiri zimene zinali za Khonsolo. Maofesi onse awiri ali mu mseu wa Independence Avenue, pafupi ndi Kamwala. Kumeneko, pa ndalama zocepa, buku limaonetsa mwini weniweni, ndiponso ngati nyumbayo inaperekedwa cikole ku banki kapena wina anaikapo ciletso. Afunsenso za ngongole za msonkho wa Khonsolo ndi za madzi, cifukwa wogulitsa akasamuka okhometsa amagogoda pa khomo lomwelo. Dzina la pa taitolo lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsa, cilembo ndi cilembo.

Ku Kamwala ndi ku Kabwata kuli msampha wina umene upezeka makamaka m'malo akale. Ambiri amene anagula nyumba mu 1996 anamwalira, ndipo nyumbazo zatsala m'maina ao. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 likuti munthu akafa wosasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo mpaka imfa kapena kufikira atalowa banja lina. Woyang'anira cuma ca masiye, amene avomerezedwa ku khoti, si mwini, ndipo sangagulitse nyumba popanda cilolezo ca khoti. Koma zimacitika kuti mwana mmodzi, amene asunga mapepala m'sutikesi, agulitsa mwakacetecete pa mtengo wokoma, ndipo pakapita miyezi mlongo wace wa ku Kitwe kapena mng'ono wace wa ku Johannesburg atulukira ndi loya. Milandu yotere imatha zaka, ndipo wogula amakhala alibe nyumba, alibenso ndalama. Nyumba ya ku Kamwala ikachipa modabwitsa, wogula afunse ngati mwini wace ali moyo. Ngati anamwalira, afunse kuti ana ndi angati, ali kuti, ndipo kodi onse avomereza.

Msonkho wa posintha umwini, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025, ngwa wogulitsa, koma zimenezi zilembedwe poyera m'pangano kuti pasadzakhale kukangana. Ejenti woona ndi wolembedwa ku Zambia Institute of Estate Agents, monga lifunira lamulo la 2000; ambiri amene akhoma manambala a foni pa mitengo nafuna ndalama yoonetsera nyumba sali m'buku limenelo. Kwa wa lendi, lamulo la lendi la 1972 limaletsa mwininyumba kufuna lendi ya patsogolo yoposa miyezi iwiri, ndiponso kutulutsa munthu kapena kumgwirira katundu popanda khoti. Zoona zace nzakuti eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu, ndipo mlendo wosowa pogona amalipira. Koma asalipire popanda risiti ndi pangano lolembedwa, lonena za madzi, za magetsi, ndi za amene adzakonza denga likadontha.

Funso limene livutitsa ogula koposa nlakuti kodi dera lidzakwera kapena lidzatsika. Mbiri ya Lusaka ionetsa kuti mtengo umatsata phula ndi malonda. Rhodes Park ndi Longacres anali malo ogona. Lero nyumba zambiri kumeneko zasanduka maofesi, cifukwa makampani anathawa kuthinana kwa Cairo Road napita cakum'mawa, makamaka kucokera pamene Manda Hill inatsegulidwa mu 1999. Ku Kamwala South mseu wa Tokyo Way, womangidwa ndi thandizo la Japan ndi kutsegulidwa mu 2014, unasandutsa malo a fumbi ndi matope kukhala njira yaikulu, ndipo m'mbali mwace mwamera masitolo. Ku Kamwala wakale masitolo akudya nyumba pang'onopang'ono, pakuti za m'malire mwa malo a malonda zikusanduka mosungira katundu ndi mogulitsira. Kwa wogula kuti adzacititse lendi kapena adzagulitse m'tsogolo cimeneci ncizindikiro cabwino, popeza nthaka ya pakati pa mzinda sionjezeka. Kwa wofuna kulera ana ndi nkhani ina, cifukwa kumene kwafika sitolo kumafikanso malole, phokoso, mabawa ndi zinyalala. Walira mvula walira matope. Banja liyambe lagwirizana ngati likugula mogona kapena likugula munda wa ndalama, pakuti nyumba imodzi kawirikawiri siikhoza ziwirizi.

Cizindikiro cina nca eni nyumba. Mseu umene eni ace akhala momwemo, nakonza madenga ao ndi kusesa ngalande za pakhomo, uli ndi moyo. Umene eni onse anasamukira ku Chalala, nangotumiza mwana kudzatolera lendi pa mapeto a mwezi, umakalamba msanga, cifukwa paipi ikaphulika palibe woyenda kukadandaula. Ndipo mseu wa phula umene wogulitsa ati udzabwera usawerengedwe mu mtengo. Mu Lusaka muli maploti ambiri amene akhala akudikira phula lolonjezedwa kufikira ana a eni ace atakula.

Ndalama za mbeu zimabwera mu Julayi ndi Ogasiti, pamene yadi iri yonse ya ku Kamwala ioneka youma ndi yokongola. Pali njira yosavuta yozisungira. Ziikidwe ku banki kapena ku Zambia National Building Society, ndipo mwana acite lendi cipinda cimodzi mu mseu womwewo umene banja likufuna kugula, akhalemo kucokera Novembala mpaka Malici. Pofika nthawi ya cimanga caciwisi iye adzakhala atadziwa nyumba zimene zimalowa madzi, maola amene mpopi utulutsa madzi, nthawi imene bawa la pakona limatseka, ndi ciwerengero ca ana a mwini nyumba imene ikugulitsidwa. M'miyezi isanu imeneyo ng'ombe zikhala zikali m'goli, kulima munda, kufikira uthenga wocokera ku Kamwala utafika.